Buku Lokamuwerengera Fanizo

Kwa Champiti anthu ankawadziwa a Wilfred Ndau ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ukakumana nawo panjira, usanamalize n'komwe kunena mmene wadzukira, anali atakufunsa kale ngati kumene ukuchokerako unaonako buku. Chachiwiri, dzuwa likafika paliwombo ankasiya khasu m'munda mwawo mwa mbatata ya kachewere, n'kuthamangira kunyumba kukadzitsekera ndi mpiringidzo. Otseka pakhomo kukada ndi ambiri. Wotseka masanasana, nkhuku zili piringupiringu pabwalo, anali iwo okha.

Sanali amisala, ngakhale ena ankanong'onezana choncho. Anali munthu wamtali, woonda, waulemu wopitirira muyeso, woti ngakhale mbuzi ikawatsekera njira ankaiuza kuti "zikomo". Sukulu anaphunzira pamishoni mpaka Sitandade 3, kenako anakakhala ku Joni zaka zinayi. Kumeneko anawonjezera Chingerezi chawo powerenga zolemba za pamatumba ndi pazitini, ndipo anabwerako ndi jekete, chifuwa chosatha ndi dikishonale yopanda chikuto. Kumudzi anasanduka maso a anthu onse. Kalata iliyonse, kaya ya kumigodi kaya ya ku Boma, inkayamba yadzera m'manja mwawo.

Kuwerenga komweko ndi kumene kunawagwetsa m'dzenje.

M'chaka cha 1942 kunabwera kalata yonena kuti olemba asilikali afika Lachinayi, ndipo pamndandanda wa amuna oyembekezeka kukwera lole panali dzina lawo. A Ndau anaiwerenga mokweza pabwalo monga mwa nthawi zonse, koma atafika pa tsikulo ndi pa dzina lawo, lilime linalumpha. Palibe anazindikira. Lachitatu m'mawa anauza akazi awo, a Dailes, kuti akukafuna mbewu ya kachewere tsidya la Apwitikizi. Anayenda mpaka kudutsa mwala wa malire, podziwa bwino lomwe kuti dzanja la Mngerezi limathera pamwala pomwepo. Anakhalako masiku asanu. Pobwera, thumba la mbewu lili pamutu, anapeza mng'ono wawo Fanizo atapita. Dzina la Ndau litaitanidwa katatu popanda woyankha, bambo awo okalamba atazyolika ndi manyazi pamaso pa mudzi wonse, Fanizo anangoimirira n'kunena kuti, "Ndau ndine pano." Anakwera lole, kusiya mkazi wake Aida ndi mwana wakumsana.

Patapita zaka zitatu, Fanizo anafera ku Burma. Chimene chinafika kumudzi ndi kalata, chipewa ndi supuni. Mwamwambo, munthu akafera kutali mtembo wake osaoneka, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga ndi nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake kuti mzimu upeze pogona. Anthu anamuchitira zomwezo Fanizo. Mwamwambo womwewo, asanakwirire, wachibale amaimirira kufotokoza chimene chadya munthuyo: matenda anayamba liti, anamwa chiyani, anatsirizika bwanji. Akakhala kuti wafera pamlandu, amatchula mlanduwo ndi eni ake. Amoyo amamva, mwiniwake nayenso amamva, n'kugona. Ntchito imeneyi inagwera a Wilfred, pakuti bambo awo anali atatsikira kale kuli chete.

Anaimirira kumutu kwa dzenje.

"Mng'ono wathuyu adafera kunkhondo," anatero.

Anthu anadikira. Nkhondo si matenda. Nkhondo ndi mlandu, ndipo mlandu uli ndi poyambira. Kodi Mngerezi ndi Mjapani analimbirana ng'ombe? Mkazi? Malire a munda? Nanga mwana wa kwa Champiti, woti Mjapani sanamuonepo n'kutulo komwe, zinamukhudza bwanji? Zonsezi a Ndau sankazidziwa. Apa m'pamene anachita chinthu chimene munthu woleredwa bwino sachita. Anasuzumira m'dzenjemo n'kunena kuti, "Fanizo, chimene udafera sindichidziwa. Ndikadzachidziwa ndidzabwera kudzakuuza."

Amayi amene ankalira anadukiza maliro. Mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, anawakoka malaya.

"A Ndau, mwatani kodi? Wakufa salonjezedwa. Wamoyo amaiwala, koma uyu alibe ntchito ina. Azingodikira basi."

Sabata isanathe, kunagwa nkhungu ya mtundu uja imatsika m'mapiri mwezi wa Juni n'kumeza mudzi usana wonse. A Ndau anali m'nyumba akusankha mbewu. Anamva nsapato za jombo zikubwera m'kanjira kochokera kumanda, gwa, gwa, gwa, mosafulumira. M'mudzi monsemo munalibe wovala jombo. Zinadutsa pankhokwe, zinadutsa pakhola, zinakwera pakhonde, n'kuima pakhomo penipeni. Galu wawo, amene ankauwa ngakhale gulugufe, anangogwedeza mchira. A Ndau anakankha chitseko n'kuika mpiringidzo. Kunjako sikunamveke odi, sikunamveke kugogoda. Munthu anangoima. Patapita nthawi yokwana kupemphera Atate Wathu kawiri, nsapato zija zinatembenuka n'kubwerera kumene zinachokera.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kaya kuli nkhungu kaya dzuwa likuswa mtengo. Anayesa kutsalira kumunda, koma nsapato zinabwera m'mizere n'kuima kumbuyo kwawo, ndipo kumunda kulibe chitseko. Akakhala paulendo zinkawatsata, iwo akaima nazo zinkaima. A Dailes sankamva kanthu. Chimene anaona n'chakuti nthawi imeneyo ikakwana, nkhuku zinkapatuka m'kanjira kaja ngati zikupisa munthu.

A Ndau anaganiza mmene munthu wowerenga amaganizira, kuti yankho lili m'buku. Azungu amalemba chilichonse, ngakhale kaphedwe ka utitiri. Zikanatheka bwanji kuti asalembe chimene maiko amakanganirana?

Anayamba ndi kasitolo ka mabuku ka pamishoni. Wogulitsa anawaonetsa buku la nyimbo, la masamu ndi la kasamalidwe ka makanda.

"Iyayi, bambo," anatero a Ndau. "Ine ndifuna lonena mmene maiko amakhalirana. Chifukwa chake lero agwirana chanza, mawa aphana."

Wogulitsayo anakanda mutu n'kuwapatsa buku la mapu. Kunyumba anapezamo Burma, kadziko kobiriwira koti chala chachikulu chinakaphimba konse. Tsopano anadziwa kumene mng'ono wawo anagona, koma chifukwa chake munalibe, ndipo masana nsapato zinabwera.

Anamva kuti Mmwenye wa sitolo kwa Manjawira amakulunga mchere m'manyuzipepala akale. Anayenda wapansi kukapempha zidutswa, n'kumazisita ndi manja pamphasa. Koma nkhani iliyonse inkathera pamene pathera mchere. Nduna yakuti yanena kuti dziko lake silidzalola konse, basi, pepala lang'ambika, ndipo chimene silidzalolacho chapita ndi mayi wina ku Kasinje kukathira m'ndiwo.

Anafunsa a Thomas, amene anali gulu limodzi ndi Fanizo kunkhondoko n'kubwerako ndi khutu logontha. A Thomas anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ife adangotiuza kuti mdani ali uko, n'kutilozera nkhalango. Mukafunse mfuti, kapena idziwa."

Kalaliki wina ku Boma anawamvera chisoni, n'kuwabwereka buku limene mzungu wina anasiya pochoka. Linali lolemera ngati njerwa. Chiganizo choyamba chokha chinadya theka la tsamba. A Ndau analimbana nalo miyezi iwiri, dikishonale ili pabondo, ndipo liwu lililonse akalifunafuna linkawatumiza ku liwu lina lovuta koposa. Analibweza atalikulunga bwino m'nsalu.

"Ili n'la anthu odziwa kale," anatero. "Ine ndifuna la a, e, i, o, u la nkhani imeneyi. Mwana sayamba ndi mafupa, amayamba ndi phala."

Kalaliki anaseka mpaka kupukuta misozi. "La mtundu umenewo, bambo, kuno kulibe. La Chinyanja ndiye musalote n'komwe. Ndani angataye inki kulembera inu zimenezo?"

Mawu amenewo anawapweteka a Ndau kuposa mmene kalalikiyo anadziwira. Mng'ono wawo anali woyenera kufera nkhaniyo, koma mkulu wake sanali woyenera kuimva. Anayenda ulendo wonse wobwerera ali ndi mkwiyo pakhosi, ndipo dzuwa litafika paliwombo, jombo zinali pambuyo pawo mumsewu wa fumbi.

Zaka zinapita. Ana anakula, ndipo anazolowera kuti masana bambo salankhulidwa. A Dailes anayesa abusa, anayesa mwakabisira ndi anthu ena odziwa mitengo, koma zonse zinangothera m'madzi. M'chaka cha 1953, nkhani ya Chitaganya, yophatikiza dziko lino ndi maiko oyandikana nalo, itatentha m'boma lonse, kufunsa za maiko kunasanduka chinthu choopsa. Mesenjala wa ku Boma anabwera kudzawatenga kuti akafotokoze chimene amafunira mabuku a ndale. A Ndau anayankha zoona zokhazokha, kuti akufuna kukawerengera munthu wakufa. Owafunsawo anayang'anana n'kuwauza kuti azipita kwawo.

Chaka chomwecho, a Kizito, mnzawo wakale wa kumigodi, anabwera kuchokera ku Joni. Pansi pa sutikesi, m'kati mwa bulangeti, anatulutsa kabuku kopyapyala kotuwa, kothimbirira ndi parafini.

"Amaphunzitsira antchito kusukulu ya madzulo," anatero a Kizito. "Nditangokaona ndidati, aka n'ka Ndau, kamusiyitse kuvutitsa anthu panjira."

Chingerezi chake chinali choti munthu wa Sitandade 3 n'kuyenda nacho. A Ndau anakhala pakhonde n'kuyamba, chala chikutsogolera maso.

Mutu woyamba unati, m'mudzi anthu awiri akayambana amapita kubwalo, ndipo kumeneko kuli wowaweruza. Koma pamwamba pa maiko palibe bwalo lokhala ndi mano. Choncho dziko lililonse limagona mkondo uli kumutu. Linzake likauona mkondowo limasula wake wautali, loyamba lija likaona limasula iwiri, ndipo onse amalumbira kuti akungodziteteza, mpaka tsiku limene wina adzatsokomola molakwika. A Ndau anamenya bondo. Zimenezi anazimva bwino lomwe, pakuti agogo awo anakhala moyo umenewo ndi zishango zawo.

Mutu wachiwiri unati alipo ena otsutsa, amene amati maiko angathe kumanga bwalo lawolawo, ndi kugulitsana malonda mpaka kumenya mnzako kufanane ndi kudziwotchera nkhokwe. Kabukuko kanavomera kuti bwalo loyamba la maiko linagwa, ndipo lachiwiri linali likadali lanthete. A Ndau anawakonda anthu a mutu wachiwiriwo, ngakhale anawaona ngati ofatsa kwambiri.

Mutu wachitatu unali wonena za maiko olamulira anzawo. Unati dziko lamphamvu silipita lokha kunkhondo, limatenga amuna a m'maiko amene lili kuwalamulira. Ndipo panali chiganizo china chachifupi, chosafuna dikishonale, chakuti wamantha amene ali ndi nzeru samenya yekha, amapeza wina woti aime pakati pa iye ndi mkondo. A Ndau anachiwerenga katatu n'kutseka kabukuko. Amene ankamuganizira sanali Mngerezi.

Anatha sabata zitatu akutembenuzira mitu itatuyo m'Chinyanja, m'kope la mwana wawo. Atamaliza anapita kwa Aida, amene sanakwatiwenso ndipo ankalimabe munda wa mwamuna wake kumapeto a mudzi.

"Mlamu, mawa tipite kumanda. Ndapeza chomuuza. Ndifuna mukakhalepo."

Kumanda sapita chisawawa, choncho anapempha adzukulu, amene anawatsegulira njira n'kutsalira kunja kwa msitu. Mtumbira wa Fanizo unali utaphwa, pakuti nthochi siichedwa kuola. A Ndau anavula chipewa, anagwada, n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga za mikondo ya kumutu. Anawerenga za bwalo lopanda mano ndi bwalo lanthete. Anafotokozanso za mafuta, mphira ndi njira za panyanja zimene Mngerezi ndi Mjapani ankalimbirana. Aida anakhala pansi chapatali, atatambalala, manja pamiyendo.

Ali m'kati mwa mutu wachitatu, mbalame za mumsitumo zinaleka kulira. Mithunzi inali italowa pansi pa mitengo yake. Masamba ouma anaphwanyika kumbuyo kwawo, gwa, gwa, gwa, ndipo nsapato zinaima pafupi kwambiri, poti munthu akanatha kuwagwira paphewa. A Ndau sanacheuke. Anawerenga mpaka liwu lomaliza, n'kutseka kope.

"Ndi chimenecho udafera, Fanizo. Ndakuuza. Pita ukagone."

Nsapato sizinasunthe.

Anadikira nthawi ya Atate Wathu kawiri, katatu, kanayi. Zaka zisanu ndi zitatu anayendera buku limeneli, ndipo tsopano anazindikira kuti lafotokoza maiko onse a pansi pano, koma silinafotokoze chimene chinakweza Fanizo pa lole m'malo mwa mkulu wake. Chimenecho sichinkafuna buku. Anali nacho m'mimba chiyambire. Anaika kope pansi.

"Fanizo, mng'ono wanga. Dzina lidali m'kalata lija lidali langa. Tsiku ndidalidziwa, ndidalimeza dala. Mbewu ya kachewere lidali bodza, ndidathawa. Mngerezi adaika ife patsogolo pake, ine ndidaika iwe patsogolo panga. Udafera ine."

Analira ngati mwana, chipumi chili padothi. Atatopa anamva Aida akusuntha. Ankayembekeza kuti awatemberera, ndipo akanavomera. Koma Aida analankhula ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati akunena za mitengo ya nyemba.

"Alamu, zimenezo n'zakale. Kalata ija mudaiika m'Baibulo. Mutangonyamuka Lachitatu lija, iye adaitenga, adapita nayo kwa aphunzitsi kuti amuwerengere. Adadziwa tsiku lomwelo. Akadafuna kuthawa, njira ya tsidya ankaidziwa kuposa inu."

A Ndau anadzutsa mutu, Aida n'kupitiriza.

"Adandiuza kuti, achimwene ali ndi ana anayi ndi chifuwa cha kumigodi, kunkhondoko sakafika n'komwe. Adati usadzawauze kuti ndidadziwa, adzachita manyazi. Ndiye ine ndidasunga. Koma poti mwanena nokha, palibenso chosunga."

"Nanga ngati adadziwa, zaka zonsezi akufunanji kwa ine?"

"Nsapatozo? Inetu ndimazimva. Zimayamba zadzera kwanga. Ndimatsegula, amalowa, amaona mwana wake, n'kutuluka kubwera kwanu. Kodi suja masana onse ankadya kwanu, ine n'kumadandaula kuti ndiwo zanga amazinyoza? Munthu akachoka kutali amafikira kwa mkulu wake. Inu mumamutsekera."

"Mlamu! Osandiuza bwanji?"

"Mudandifunsapo? Inu mumafunsa za mabuku."

Pamenepo masamba anaphwanyikanso, ndipo nsapato zija zinachoka pang'onopang'ono, kulowera kumudzi.

Mawa lake a Ndau sanapite kumunda. Anauza a Dailes kuti aphike kachewere wothira nsinjiro, mmene Fanizo ankakondera, ndipo aike mbale ziwiri. Anapukuta kampando kamiyendo itatu n'kukaika pafupi ndi khoma. Mpiringidzo anauponya pankhuni. Kenako anakhala pamphasa moyang'ana pakhomo, chitseko chili pululu, mantha atawagwira mpaka m'zala za kumapazi. Kudziwa kuti ndi m'bale wako sikuchotsa mantha onse.

Dzuwa litafika paliwombo, nkhuku zinapatuka. Gwa, gwa, gwa, pankhokwe, pakhola, pakhonde. Pakhomo sipankaoneka kanthu, kuwala kokhakokha ndi fumbi. Nsapato zinaima pamalo pake pa masiku onse ndipo sizinapitirire, monga munthu wozolowera kupeza potseka.

"Lowa, Fanizo," anatero a Ndau. "Kuno n'kwanu."

Panapita kanthawi. Kenako nsapato imodzi inaponda m'kati, inzake inatsatira. Kampando kaja kanalira. Kunamveka kukhwekhwereza kwa zingwe zikumasulidwa, mosafulumira, ndipo jombo imodzi inagwa pansi, phi, patapita kamphindi inzake, phi. Galu, amene tsopano anali wokalamba ndi wakhungu, analowa n'kugona pafupi ndi kampandoko. A Ndau anadya mbale yawo yonse, misozi ikugwera momwemo.

Nsapato zija sizinamvekenso. Tsiku lotsatira anadikira, chitseko chili chotsegula, ndipo m'kanjira munangodutsa mbuzi. Anadikira sabata yonse. Munthu amene anathawa jombo zaka zisanu ndi zitatu anapezeka akuzisowa, ndipo anauza a Dailes poyera kuti chimene chikuwawawa si mantha aja, koma masana onse aja amene akanadya ndi mng'ono wawo.

Kope lija analipereka kwa aphunzitsi a pamishoni, ndipo linayenda m'manja mwa ambiri mpaka linathothoka. A Ndau sanafunsenso munthu za buku. Anabwerera ku kachewere wawo, n'kumalimiranso Aida munda wake chaka ndi chaka. Chitseko chija anachizula n'kukachiika pakhola la mbuzi. Mwezi wa Juni, mphepo ikamalowa m'nyumba ngati kwawo, a Dailes ankadandaula kuti afa ndi chisanu chifukwa cha munthu woti anapita kale. A Ndau ankangowafunditsa bulangeti lawo, iwo n'kukhala chotsokomola pamphasa. A Ndauwo anamwalira m'chaka cha 1958, pakhomo pali potsegula.